Kulowa kwaya, bandi kapena orchestra muli pa yunivesite: mafunso ndi mayankho

Semesita yoyamba ikangotsegulira, zikalata zoitana oyimba atsopano zimadzaza pazipupa ndi m'magulu a WhatsApp. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira, makamaka a chaka choyamba, amabwera nawo kawirikawiri. Tayankha poganizira mayunivesite a ku Malawi, koma chakumapeto takhudzako za amene akupita kukaphunzira kunja.

Kodi pa yunivesite pamapezeka magulu otani oyimba?

Ochuluka ndi a mapemphero: makwaya a ophunzira a Chikatolika, a CCAP, a Adventist, a Anglican, ndi magulu otsogolera nyimbo zotamanda m'mabungwe a ophunzira achikhristu monga SCOM. Awa mudzawapeza pafupifupi paliponse, kaya ndi ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuni kapena ku MUST ku Thyolo. Palinso magulu a sukulu yeniyeniyo, amene amayimba pa miyambo ikuluikulu monga tsiku lopereka madigiri. Kwina kuli magulu a magule ndi zoyimbira zamakolo. Kenaka pali mabandi amene ophunzira amayambitsa okha: anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, gitala wobwereka, ndi dzina limene limasintha chaka chilichonse.

Orchestra yathunthu, ya mavayolini makumimakumi, ndi yosowa kwathu kuno. Chimene chimapezeka ndi timagulu ta zoyimbira zochepa, komanso mabandi a malipenga monga a apolisi, a asilikali ndi a Salvation Army.

Ndikuphunzira zaulimi, osati zoyimba. Angandilandire?

Inde. Maphunziro a nyimbo alipo ku UNIMA kuyambira pamene inkatchedwa Chancellor College, ndipo ku MUST kuli digiri ya African Musicology pansi pa Bingu School of Culture and Heritage, koma amene amadzaza mizere ya kwaya ndi a zamalamulo, zaumoyo, zaulimi ndi zauphunzitsi. Kusiyana kumabwera pa zipangizo. Piyano ndi zipinda zophunziriramo za dipatimenti zimayamba zatumikira amene akulembera mayeso a nyimbo. Inu mumapempha nthawi yotsala.

Amalemba liti, ndipo ndiyambire pati?

Masabata awiri kapena atatu oyambirira a chaka cha maphunziro. Ikadutsa nthawi imeneyo magulu ambiri amakhala ayamba kale nyimbo za semesitayo, ndipo wobwera mochedwa amangotsatira pakamwa pa anzake.

Musanalembetse, pitani mukakhale kumbuyo pa pulakatisi imodzi. Muone ngati amayamba pa nthawi imene ananena, ngati kwayamasitala amakonza zolakwika kapena amangobwereza nyimbo kuchokera pamwamba, komanso mmene akuluakulu a gululo amalankhulira ndi atsopano. Mukatero funsani mlembi zinthu zinayi: masiku a pulakatisi, ndalama ya umembala, mtengo wa yunifolomu, ndi lamulo la kujomba. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhaniyi phula lake ndi kudzamva mwezi wachitatu kuti aliyense asonkhe ya basi yopita ku Mzuzu.

Poyesa mawu pamachitika zotani?

Kawirikawiri sizipitirira mphindi 10. M'chipinda mumakhala kwayamasitala, woyimba kiyibodi, mwina ndi atsogoleri a mawu awiri. Amayamba ndi kukukwezani ndi kukutsitsani pa sikelo, theka la sitepe nthawi iliyonse, mpaka mawu atayamba kufinyika kumwamba ndi kuzilala kumunsi. Apa sakufuna kudziwa noti yapamwamba imene mungaikhudze mutatong'ola maso. Akufuna kudziwa pamene mawu anu amakhala mosatekeseka.

Chachiwiri ndi khutu. Amaliza noti imodzi, muibwereze. Amaliza zitatu kapena zinayi zotsatizana, muzibwereze. Ena amaliza noti zitatu pamodzi n'kunena kuti muyimbe yapakati. Amawombanso m'manja kamayendedwe ka nyimbo kuti muwombe chimodzimodzi.

Chachitatu ndi nyimbo yanuyanu. Sankhani yosavuta imene mumaidziwa mpaka kumapeto: ndime imodzi ya nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, kapena nyimbo ya fuko lathu. Ambiri amagwa pano chifukwa chofuna kugometsa. Amatenga nyimbo ya woyimba wotchuka, yodzaza ndi mapindapinda, n'kuiyamba pamwamba kwambiri, ikafika pa kolasi mawu n'kuthyoka. Pemphani noti yoyambira pa kiyibodi. Palibe amene angakuchotsereni malikisi pa zimenezo.

Gawo limene limasiyanitsa anthu ndi lomaliza. Amakuimikani pambali pa munthu woyimba mawu ena, inu mugwire anu. Ngati patapita mizere iwiri mwasiya alito wanu n'kuyamba kutsata sopulano, aona. Kwayamasitala wodziwa ntchito amatenga munthu wa mawu wamba koma wa khutu labwino, n'kusiya wa mawu okoma amene samva anzake. Mawu amakula ndi kuphunzira. Munthu wosamvetsera amasokoneza mzere wonse.

Mukalakwitsa musaime n'kupepesa, pitirizani. Ndipo tsiku limenelo fikani mutatenthetsa kale mawu kwa mphindi 10 kapena 15, poyamba ndi kung'ung'udza chotseka pakamwa.

Ndidziwa bwanji ngati ndine sopulano, alito, tena kapena besi?

Tiyambire pa C wapakati pa kiyibodi, amene amalembedwa C4. Sopulano wa kwaya amayenda kuyambira C4 mpaka cha pa A5. Alito amayambira cha pa G3 kufika D5. Tena, C3 mpaka G4 kapena A4. Besi, F2 kapena E2 mpaka cha pa D4. Malire awa amalowana, n'chifukwa chake chofunika ndi pamene mungayimbe kwa ola lathunthu pakhosi posawawa.

Cholakwika chofala ndi ichi: atsikana amene amagwira msanga nyimbo amaikidwa ku alito ngakhale mawu awo ndi a sopulano, ndipo anyamata a mawu apakati amakankhidwira ku tena chifukwa matena amasowa m'kwaya iliyonse. Kwa semesita imodzi sizipweteka. Koma ngati pulakatisi iliyonse mukutuluka mawu atasasa, uzani mtsogoleri wa mawu anu kuti akuyeseninso. Mnyamata wa zaka 18 kapena 19 mawu ake amakhala asanakhazikike, choncho kusamuka mzere chaka chachiwiri si chachilendo.

Sindidziwa kuwerenga nyimbo. Ndi vuto?

M'makwaya ambiri a mapemphero si vuto, poti amaphunzitsa pakamwa: mtsogoleri amayimba mzere, inu n'kubwereza. Koma njira imeneyi imadya nthawi, ndipo noti imodzi ikaphunzitsidwa molakwika imakhala choncho zaka. Phunzirani solofa. Sabata ziwiri zokwana kuti muyambe kutsatira pepala.

Zilembo zake ndi d r m f s l t. Pamwamba pa pepala pamalembedwa kiyi, monga Doh is F, kutanthauza kuti do wanu ali pa F. Kachizindikiro kakakhala pamwamba pa chilembo ndiye kuti noti ili mu okitevu yapamwamba, kutanthauza kuyambira pa do wotsatira kumwamba. Kakakhala m'munsi, yapansi. Mzere woimirira umatsogolera kugunda kwamphamvu, madontho awiri amatsogolera kugunda kofooka, dontho limodzi limagawa kugunda pakati, ndipo koma amagawanso theka lija. Kamzere kogona kakutanthauza kuti pitirizani noti yomweyo. Malo opanda kanthu ndiye khalani chete, ndipo apa ndi pamene watsopano amadziwikira, poti amalowa yekha anzake onse atatseka pakamwa. Noti zokwezedwa theka la sitepe zimathera ndi e, monga fe ndi se. Ti wotsitsidwa amakhala ta.

Manotsi a pa mizere isanu amafunika mukafuna orchestra, bandi ya malipenga, kapena kwaya yoyimba nyimbo zakunja zazitali. Wodziwa solofa savutika kusamukira kumeneko, chifukwa khutu lake limakhala litazolowera kale mtunda wa pakati pa noti ndi inzake.

Bwerani ndi pensulo, osati bolopeni. Lembani popumira, pokweza ndi potsitsa mawu, ndi pamene mumalakwitsa nthawi zonse.

Zimadya nthawi yochuluka bwanji? Sindifuna kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso.

Werengerani mapulakatisi awiri kapena atatu pa sabata, lililonse ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, kuphatikizapo tsiku loyimba. Konsati ikayandikira amakumana tsiku ndi tsiku. Onjezerani nthawi yoyenda ndi yodikira ochedwa, mupeza maola 6 mpaka 8 pa sabata.

Gulu limodzi limakwanira chaka choyamba. Amene amalowa kwaya ya mpingo, bandi ndi gulu la magule nthawi imodzi amadzapeza zonse zitatu zikumufuna Loweruka lomwelo, Lolemba kuli mayeso. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tengani kalendala ya semesita, mulembepo masiku a mayeso ndi operekera ntchito, mupatse mlembi mwezi woyamba womwewo. Kupepesa kudakali sabata ziwiri amakumvetsa. Kuzimitsa foni tsiku la konsati sakuiwala.

Okhala kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba, afunse nthawi yeniyeni yoweruka ndipo apeze anzawo oyenda nawo usiku.

Pali ndalama zotani?

Ya umembala pa semesita, yunifolomu kapena nsalu ndi ya telala, kusindikiza mapepala a nyimbo, ndi msonkhamsonkha wa maulendo. Ulendo ndiwo umalemera. Gulu loyenda bwino limakhala ndi msungichuma amene amapereka lisiti ndi kuwerenga ndalama pamaso pa onse kamodzi pa semesita. Ngati thumba lanu ndi loperewera, nenani mwamseri kwa wapampando. Magulu ambiri amakhala ndi yunifolomu zosiyidwa ndi amene anamaliza maphunziro.

Kwaya yathu imayamba bwino koma pomaliza imakhala yatsika kiyi. Chimachititsa n'chiyani?

Zifukwa zake ndi zodziwika. Choyamba ndi mpweya: munthu akamafika kumapeto kwa mzere mpweya utatha, noti imagwa. Pumirani m'mimba, mapewa asakwere, ndipo pa noti yaitali muzipuma mosinthana, osati mzere wonse nthawi imodzi. Chachiwiri ndi masitepe. Oyimba amakonda kutsika sitepe yaikulu kuposa yoyenera ndi kukwera yaing'ono, makamaka pa mi ndi ti, ndipo pa do kutsikira ku ti. Kulakwitsa pang'onopang'ono kotereku kukachitika kakhumi, nyimbo yatsika theka la sitepe. Chachitatu, mabesi akatsika onse amawatsatira, chifukwa ndiwo maziko. Onjezerani kutopa, chipinda chotentha chotseka mawindo, ndi nyimbo yoyenda pang'onopang'ono kwambiri.

Njira imodzi imene imathandiza msanga: kwezani nyimboyo theka la sitepe. Kwaya imene imagwa mu F nthawi zambiri imaima bwino mu F sharp, chifukwa pakhosi pamakhala patasiya chizolowezi. Inanso, sakanizani oyimba, tena aime pakati pa alito ndi sopulano, kuti aliyense amve kodi (chord) yonse, kutanthauza noti zonse zomveka pamodzi.

Mazira aawisi amakometsadi mawu?

Ayi. Chimene mwameza chimapita kum'mero wa chakudya, sichikhudza timinofu totulutsa mawu, ndipo dzira laliwisi likhoza kukutsegulani m'mimba. Tiyi wa jinja, ndimu ndi uchi amafewetsa pakhosi, palibe choipa, koma chimene chimagwira ntchito ndi madzi akumwa tsiku lonse, tulo, ndi kutenthetsa mawu musanayimbe. Adani enieni ndi kukuwa ku mpira dzulo lake, utsi wa fodya kapena wa mbaula m'chipinda chotseka, mowa, ndi kuyimba molimbana ndi masipika. Miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa, chimfine chimazungulira kwaya yonse. Wodwala akhale pambali azingomvetsera ndi pepala m'manja.

Mawu akasasa, apumitseni. Kunong'ona sikupumitsa, kumafinyanso pakhosi. Kusasa kukapitirira sabata zitatu, pitani kuchipatala.

Ndimaliza kiyibodi kutchalitchi kwathu. Kulowa bandi kumasiyana bwanji ndi kwaya?

Kwaya ikhoza kulandira masopulano 20. Bandi ili ndi mpando umodzi wa ng'oma, umodzi wa besi, umodzi kapena iwiri ya kiyibodi. Ngati mpando uli ndi mwini wake wa chaka chachinayi, lowani ngati wachiwiri, muzinyamula nawo zipangizo ndi kuphunzira nyimbo zawo. Chaka chamawa mpandowo ndi wanu.

Poyesa, amakuuzani nyimbo ndi kiyi, n'kuyamba. Amaona ngati mumasunga liwiro, ngati mumamva kusintha kwa makodi popanda kuuzidwa, ndi ngati mumadziwa kusiyira ena malo. Wa kiyibodi amene dzanja lake lamanzere limalowerera ntchito ya wa besi amadetsa nyimbo. Wa ng'oma amene amagubuduza pa mzere uliwonse amathamangitsa bandi. Phunzirani kutchula makodi ndi manambala, 1, 4, 5, 6, chifukwa ndi mmene mtsogoleri amalankhulira ndi zala nyimbo ili mkati.

Ndipo nayi nkhani ya batani la transpose, losinthira kiyi pa kiyibodi. Oyimba kiyibodi ambiri anaphunzira kiyi imodzi yokha, ena C ena F sharp, zina zonse amadina batani. Tsiku lina woyimba adzasintha kiyi pakati pa nyimbo, kapena mudzaiwala kubweza batani pa 0 nyimbo yapita ija itatha, ndipo holo yonse idzamva kiyibodi ili kwina gitala ali kwina. Phunzirani kiyi imodzi yatsopano sabata iliyonse. Pakutha kwa semesita mwazungulira zonse 12.

Zipangizo za bandi zimawonongeka chifukwa chiyani kawirikawiri?

Chifukwa cha kayatsidwe ndi mawaya. Yatsani zoyimbira ndi mikisa poyamba, ampu pomaliza. Pozimitsa yambani ndi ampu. Mukasemphanitsa, kuphulika kuja kumapita ku masipika. Magetsi akathima, zimitsani ampu ndi kuzula pakhoma nthawi yomweyo, chifukwa pobwera amatha kubwera ndi mphamvu yoposa. Pa jenereta, iyambe yalira n'kukhazikika musanalumikize kanthu.

Masipika awiri a 8 ohms mukawalumikiza mbali imodzi ya ampu amakhala 4 ohms. Mukawonjezera awiri ena afika 2 ohms, ndipo maampu ambiri amatentha n'kuzima kapena kupsa. Werengani zolembedwa kumbuyo kwake. Kulira kwa tswii kumabwera maikolofoni ikaloza sipika kapena woyimba akaphimba mutu wake ndi dzanja. Masipika akhale kutsogolo kwa oyimba. Maikolofoni a condenser, amene amaikidwa pamwamba pa kwaya, amafuna batani la 48V pa mikisa. Likakhala lozimitsa mudzasintha mawaya atatu pachabe.

Tetezaninso makutu. Phokoso la 85 decibels munthu angakhalemo maola 8, koma likakwera ndi 3 decibels nthawiyo imadulidwa pakati. Kachipinda kakang'ono kokhala ndi ng'oma kamapitirira pamenepo kutali. Makutu akamalira mukatuluka, voliyumu inachuluka.

Ndimaliza lipenga. Bwanji ndikaliza noti yomwe wa kiyibodi watchula sizigwirizana?

Chifukwa lipenga la trumpet ndi clarinet wamba ndi za B flat: mukaliza C wanu, chimamveka ndi B flat. Choncho nyimbo ikakhala mu F pa kiyibodi, inu muli mu G. Wa alto saxophone, chomwe ndi cha E flat, ali mu D. Funsani nthawi zonse ngati kiyi yatchulidwayo ndi ya piyano kapena yanu.

Kumbukiraninso kuti zoyimbira zouzira zimakwera zikatentha, pamene zansambo zimakonda kutsika. Uzirani mpweya m'lipenga kwa mphindi zingapo musanachune, ndipo chunaninso pakati pa pulakatisi. Mafuta a mavavu, mabango a saxophone ndi nsambo za vayolini sizipezeka m'sitolo iliyonse, ndiye sungani zapadera. Mafuta ophikira m'mavavu ayi, amauma n'kumata.

Ndikupita kukaphunzira kunja. Kumeneko zimayenda bwanji?

Ku South Africa makwaya a mayunivesite ndi nkhani yaikulu. Stellenbosch University Choir, imene inayamba mu 1936, ndi Tuks Camerata ya ku University of Pretoria zimadziwika dziko lonse lapansi, ndipo malo ake amalimbiranidwa. Kuyesa mawu kumatha kuchitika chaka cha maphunziro chisanayambe kapena chikangoyamba, choncho yang'anani masiku ake mukangolandira kalata ya malo. Ku Britain, mayunivesite ambiri ali ndi magulu a mitundu iwiri: oyesa mawu ndi olandira aliyense. Orchestra yaikulu imafuna luso la cha pa Grade 8 ya ABRSM, bungwe la ku Britain loyendetsa mayeso a zoyimba, kapena lofanana nalo, ngakhale mulibe satifiketi.

Poyesa wa orchestra amafuna nyimbo yokonzekera, masikelo, ndi kuwerenga pepala limene simunalionepo. Mwayi umatengera choyimbira chanu. Mavayolini amafunika ambiri, pamene flute ndi clarinet kawirikawiri ndi mipando iwiri iwiri yokha. Wa viola, double bass kapena bassoon amalandiridwa ndi manja awiri. Mukalowa, oboe ndiye amapereka A wochunira, wa 440 Hz kapena kupitirira pang'ono. A zansambo amakhala awiri pa sitandi imodzi, ndipo wa mkati ndiye amatembenuza pepala. Ntchito yovuta kwa watsopano si kuliza koma kuwerenga ma bar 40 a chete (timagawo ta nyimbo pa pepala) n'kulowa pa malo ake.

Wochokera ku Malawi asadziderere pa kwaya. Kugwira mawu ako pakati pa mawu anayi popanda pepala, kumene ambiri kwathu anakulira, ndi luso limene ena amalivutikira. Chofunika kuonjezera ndi kuwerenga manotsi.

Andikana. Ndiye basi?

Ayi. Funsani chifukwa. Nthawi zina mzere wanu unadzaza basi. Ngati ndi khutu, lowani kwaya yosayesa mawu, muziyeserera mphindi 15 tsiku lililonse ndi pulogalamu ya piyano ya pafoni: lizani noti, iyimbeni, dzijambuleni, mvetserani. Mubwererenso chaka chamawa.

Tikajambula nyimbo kapena tikalipidwa pa ukwati, ndalama ndi za ndani?

Gwirizanani musanakwere galimoto, ndipo mulembe. Mabandi ambiri a ophunzira amatha chifukwa cha envelopu imodzi ya pa ukwati. Njira yosavuta ndi kuchotsa kaye za mayendedwe ndi zobwereka zipangizo, kupatula gawo la thumba la gulu logulira mawaya ndi nsambo, n'kugawana zotsala mofanana. Ngati zipangizo ndi za sukulu kapena za mpingo, pemphani chilolezo cholembedwa musanazitulutse pageti.

Pa zojambula, nyimbo ndi ya amene anaipeka, ngakhale yayimbidwa ndi anthu 50. Lembani dzina la wopeka, wokonza mawu anayi, ndi amene walipira situdiyo. Nyimbo ya munthu wina musaiike pa chimbale kapena pa YouTube musanapemphe. Wopeka akalembetse nyimbo zake ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi. Ndipo mafayilo a situdiyo ndi mapasiwedi a masamba a gulu asakhale pa laputopu ya munthu mmodzi wa chaka chomaliza. Akhale ndi anthu awiri a zaka zosiyana, ndipo aperekedwe kwa komiti yatsopano pamodzi ndi buku la ndalama mayeso omaliza asanayambe.